Bondo la pa tsamba 26

Ku Leipzig, m'chipinda cha pansi pa laibulale
momwe mapaipi otenthetsa nyumba amalira ngati m'mimba mwa wanjala,
ndinatha miyezi isanu ndi iwiri
ndikuphunzitsa kompyuta kuwerenga gule.

Guleyo anali pa mapepala makumi anayi ofiirira ndi ukalamba:
mizere itatu yoima chilili, yowerenga kuchokera pansi kupita m'mwamba,
timabokosi takuda toti tsika,
ta mizeremizere toti nyang'ama,
kutalika kwa kabokosi ndiko kutalika kwa nthawi.
Mlembi wake anamwalira kalekale.
Wopeka guleyo anachita kutsogola.

Ndinaumba kamunthu kopanda nkhope,
timafupa khumi ndi tisanu ndi tinayi,
kulemera kwake ndinangopeka.
Poyamba kankamira pansi mpaka mu akakolo,
mkono nkumadutsa m'chifuwa mwake ngati wa mzukwa.
Pepala limati dzanja lifike pamwamba pa mutu
koma silinena kuti lidzere kuti.
Njirazo ndinkasankha ine, usiku, khofi atazizira,
ine Torben, amene pa ukwati wa mlongo wanga
ndinakakamira pa mpando mpaka oimba analongedza.

Tsiku logwa chipale chofewa tinaitana Mayi Irmgard Pohlenz,
a zaka makumi asanu ndi atatu kudza zitatu,
okhawo otsala mwa amene anavina guleyu.
Chikhoto sanavule.
Ndodo anaigoneka pa miyendo.

Kamunthu kanayamba: kutembenuka, kupinda, kutambasula.
Iwo anati, ichi chikuwerenga ndalama.
Chikupumira pati?
Pa tsamba lachisanu ndi chinayi pali kuima, kugunda kutatu.
Kamunthu kanati zii ngati magetsi athima.
Apo sitinkaima, anatero, tinkamvetsera.
Ndinafunsa chizindikiro cha kumvetsera.
Anandiyang'ana ngati ndafunsa mtengo wa mphepo.

Kenako tsamba 26.
Kamunthu kanadumpha, kutera pa mwendo wamanja,
chiuno kupendekeka pang'ono,
phazi lamanzere kukwekwereza m'mbuyo,
kachiwiri, kachitatu.
Milungu iwiri ndinasakasaka pamene ndinalakwitsa.
Panalibe. Pepala limatero.

Mayi Irmgard anagwira pakamwa.
Bwezera.
Ndinabwezera.

Uyo si gule, anatero. Ilo ndi bondo langa.
Sabata imene mlembi ankabwera ndi pensulo yake
ndinali nditagwa pa njinga, tayala litakodwa mu njanji ya tramu.
Ndinabisa, kuopa kuti malo anga apatsa Roswitha.
Ndinkazemba kuponda kumanzere,
iye nkumalemba zimene akuona.

Ndiye kuti atsikana onse ophunzira pa mapepalawa,
ku Graz, ku Ghent, kaya kutinso,
akhala akutsimphina zaka makumi asanu ndi limodzi
chifukwa cha njinga imodzi yopanda mabuleki.
Anaseka mpaka kutsamwa,
ine kuthamangira madzi.

Ndinati ndikonza, ndi manambala awiri okha.
Usayerekeze, anatero.

Fomu ya amene anapereka ndalama ili ndi funso limodzi:
kodi makina angathe kumasulira gule wolembedwa?
Kabokosi ka inde, kabokosi ka ayi.
Mpweya wa wovina makina sanaupeze,
kumvetsera kuja anakusandutsa kuzima,
koma ululu umene mtsikana anabisira mphunzitsi wake,
anzake, ngakhale mayi ake omubereka,
anaunyamula osadziwa chimene anyamula
nkuutula pamaso pa mwini wake.
Sindikudziwa kuti zimenezo zimalowa m'kabokosi kati.

Kunja kunali kutada, folo koloko isanakwane.
Iwo anasendeza mpando kufupi ndi galasi la kompyuta,
dzanja lili pa bondo lachitsulo limene madokotala anawaika,
lakale lija linatayidwa kuchipatala.
Bwezeranso, anatero,
koma pang'onopang'ono,
ndione pamene pankapweteka.